Elídio ndi Mapulogalamu Ake Awiri

Ku Fíngoè, aliyense amene foni yake idagwerapo m'madzi amalidziwa khomo la Elídio. Ofisina yake ndi kachipinda ka malata pafupi ndi msika, kodzaza ndi mawailesi otuluka matumbo ndi makina ofufuzira golide amene eni ake adawataya mtima. Adabadwira ku Zambia makolo ake atathawa nkhondo, ndipo adatolako Chingerezi chokwanira kumunamiza kuti palibe chingamukanike. Luso ali nalo ndithu. Nthenda yake ndi yomwe tili nayo amuna ambiri kuno: ntchito timaikonda ikakhala pakamwa.

Mkazi wake Florinda ali ndi dimba la tomato kutsidya kwa mtsinje. Adagulitsa mbuzi zake zonse n'kugula pampu yoyendera dzuwa. Koma chilimwe chikakula chitsime chimaphwa masana, ndipo pampu ikamakoka mphepo m'malo mwa madzi imapsa. Choncho Florinda ankakhala pambali pake dzuwa lili paliwombo, khutu lili tcheru, kuti ikangoyamba kutsokomola aizimitse.

"Zimenezi zitha, mayi a Mila," adalonjeza Elídio akudziguguda pachifuwa. "Ndikupangirani kabolodi ka magetsi koti madzi akaphwa, pampu izizima yokha. Inu muzikhala pamthunzi ngati a diretora, bwana wamkulu."

Umenewo unali mwezi wa Julayi.

Kabolodi kotere munthu amayamba wakajambula pa kompyuta, kulemba tinjira timene magetsi azidutsamo. Mapulogalamu ojambulira alipo aulere, oti aliyense angatenge n'kuwasintha mmene wafunira. Elídio adapeza awiri, KiCad ndi LibrePCB, ndipo tsoka lake lidayambira pomwepo. Yoyambayo adaiona kuti ili ndi zonse, ngati sitolo ya ku Tete. Yachiwiriyo inali yofatsa, yosazunguza mutu. M'mawa ankadzuka atatsimikiza za iyi, pofika masana mtima wapita kwa inayo. Ankakwera pachulu kuseri kwa msika, pamene rede ya foni imagwira bwino, n'kumawerenga anthu a kutali akukangana za nkhani yomweyi. Adafika mpaka pofunsa Silvano, wokumba golide amene kompyuta amangoionera patali.

"Mestre, mukuti zonse n'zaulere?" adafunsa Silvano.

"Zonse."

"Basi tengani zonse ziwiri! Chaulere amasankha?"

Elídio adamveradi. Adajambula theka mu iyi, theka mu inayo, zidakana kulumikizana, n'kuyambiranso. Iye mwini akamafotokoza lero amati ichi chakoma ichi chakoma pusi adagwa chagada, ndipo pusiyo ndi iyeyo, mchira wokha ndiwo adamumana.

Okutobala adafika ndi dzuwa lake lowamba. Florinda ankabwerera kunyumba milomo itang'ambika, osadandaula. Tsiku lina akutsuka mbale adangofunsa osacheuka:

"Bambo a Mila, akazi anu awiri aja, mwakwatira uti?"

Mawuwo adamulasa. M'mawa mwake adaponya m'mwamba kachitsekerero ka botolo, mbali imene kadagwera n'kukhala chisankho chake. Kujambula kwenikweniko sikudatenge ndi sabata yomwe.

Kuno kulibe fakitale yopanga mabolodi. Chojambulacho timachisindikiza papepala losalala, kuliika chafufumimba pa bolodi la mkuwa, n'kusita ndi simbi ya makala mpaka inki itamatirira. Kenako bolodilo timaliviika m'mankhwala amene amadya mkuwa wonse wosaphimbidwa. Papepalapo chithunzi chiyenera kukhala chotembenuka ngati cha pagalasi, chifukwa posita chimatembenukanso. Elídio ankazidziwa bwino zimenezi. Koma pa nthawi yosindikiza anali kalikiliki kulalikira mwini makina osindikizira za ubwino wa pulogalamu imene adaisiya ija, mpaka kutembenuzako adaiwala.

Kabolodiko kadatuluka kokongola, kowala psee. Poikapo zipangizo ndiye adaona kuti miyendo yake yonse yalowa mosemphana, wa kumanja uli kumanzere. Adaseka yekha mpaka misozi. Adakaponya m'thumba n'kukwera njinga, kuti akamuonetse Florinda asekere limodzi, amuuzenso kuti mawa lokha zitheka.

Asanawoloke mtsinje, mphuno yake idamva fungo la waya wopserera. Fungo limeneli amalidziwa kuposa munthu aliyense m'boma lathu lino la Marávia.

Pampu inali zii. Tomato anali atangoyamba maluwa, masamba ali lende. Florinda adakhala pansi pambali pa chitsime atafunda chitenje kumutu, ndipo atamuona mwamuna wake adadzuka mofulumira.

"Pepani, bambo a Mila," adatero. "Ndinangotsamira pang'ono pamtengopa, tulo n'kundiba. Ndaiwotcha ndine. Pepani ndithu."

Elídio sadatulutse dzanja m'thumba. Nkhaniyi amaifotokoza kwa aliyense wobwera ku ofisina, ndipo amadziseka kuyambira pachulu mpaka pa simbi ya makala. Koma akafika pa "pepani" ameneyu amaweramira foni imene akukonza, osapitirizanso.