Munagoneka makina a ayisi chammbali, insulini ya amayi yawonongeka

Inu a shopu ya zamagetsi ija ya m'tauni, amayi anga ali m'chipatala chifukwa cha inu. Werengani bwino.

Amayi ali ndi matenda a shuga, ndipo insulini yawo siifuna kutentha. Kwathu ku Libuyu magetsi akubwera maola atatu patsiku, filiji isanazizire n'komwe apita. Ndiye ndinaganiza zogula timakina tapatebulo topanga ayisi m'mphindi khumi, kuti ndizidzaza kulaboksi, kabokosi kosungiramo mankhwalawo pozizira.

Lachiwiri, 10:15 m'mawa, ndinalipira K2,800. Wogulitsa, bambo wa tayi wonunkhira pefyumu ngati akupita kokafunsira, ananyamula yekha katoniyo n'kuigoneka chammbali m'buti ya takisi. Nditamusonyeza mivi yojambulidwa pakatonipo yoloza kumwamba, anaseka, akuti izo n'zokongoletsa chabe. Anandilangizanso kuti magetsi akangobwera ndiyatse msangamsanga, asanathawe.

1:40 masana magetsi anabwera. Ndinathira madzi, n'kuyatsa. Makina analira ngati chigayo, kenaka zii. Ayisi? Ngakhale kamodzi.

Lachitatu ndinabwerera. Anandiimika pakhomo mphindi makumi anayi, akuti abwana ali pafoni. Foni yake yokambirana mpira! Abwanawo atatuluka anatsegula kabuku ka m'katoni, tsamba lachitatu, pamene palembedwa kuti makina aime chilili maola angapo asanayatsidwe, mafuta a m'kati mwa makinawo abwerere m'malo mwake. Akuti ndaapha ndekha, galanti palibe.

Ndinaloza wa tayi uja kuti ndiye anaagoneka, ndiyenso anandiuza kuyatsa. Munthu wamkulu ndi ndevu zake anayang'ana kudenga, akuti sakundikumbuka. Dzulo lomweli unkanditchula kasitomala wako wapamtima, lero mutu wachita dzimbiri?

Ndinawauza za insulini. Abwana anayankha uku akutokosa m'mano:

"Ba sisita, ise sitili chipatala. Ngati bamami banu ni bodwala, kagulen'koni ayisi buloko ku Maramba."

Wapakauntala anaseka mpaka kugwira pamimba. Ndinachita manyazi, ndipo ndinalira, sindibisa.

Ku msika wa Maramba ndinapitadi, koma ndi kutentha kwa Okutobala kuno ayisi anali atatha kalekale. Masiku awiri insulini inakhala m'kulaboksi ya madzi ofunda. Amayi ankadzibaya monga mwa masiku onse, osadziwa kuti mankhwala atha mphamvu. Lachisanu, 7 koloko m'mawa, ndinawapeza atagwa pakhomo la bafa.

Kodi mumagulitsa chinthu chimene simunawerengepo kabuku kake? Kapena munkadziwa, koma buti inali yaing'ono ndipo mumafuna ndichoke msanga?

Anzanga, mukagula makina amenewa nyamulani nokha chilili pamiyendo, ndipo musayatse tsiku lomwelo, ngakhale wogulitsa alumbire pa manda a agogo ake.

Inu abwana, ndalama khalani nazo mugulire zotokosera m'mano. Nthawi yoona odwala ndi 12:30. Bwerani ndi wa tayi wanuyo mudzawafotokozere amayi nokha, chifukwa kuyambira pamene atsitsimuka akungondipepesa kuti anandiwonongetsa ndalama.