Mayi Lembani ndi Zithunzi za Pakhonde

Ana asukulu ankawatcha Mayi Lembani, chifukwa akangoponda pakhomo la kalasi, moni asanapereke n'komwe, mawu oyamba anali omwewo: "Lembani!" Basi choko chayamba kulira pabolodi, ana mitu pansi, kukopera mpaka belu. Mayi amenewa kukhala pansi sankakudziwa. Mpando wawo m'chipinda cha aphunzitsi unkangosunga chikwama. Koma tisawanamizire, ana a m'kalasi mwawo ankakhoza mayeso osati masewera. Wina akasankhidwa kupita ku yunivesite, iwo ankatenga okha nyundo n'kukhoma chithunzi chake pakhonde, moyang'anizana ndi ofesi ya ahedi. Pamzere wapamwamba panali chithunzi cha mwana wawo wamkazi, yemwe anamuphunzitsa okha sayansi.

Tsiku lina kunabwera bambo wina wochokera ku ofesi ya zamaphunziro, kudzaona mmene sukulu za sekondale zikukonzekeretsera ana kukoleji ndi kuntchito. Ahedi anamutengera kuzithunzi kuja, chifuwa patsogolo. Mlendoyo anayang'ana, anagwedeza mutu, kenako anafunsa, "Zoti anakhoza ndaona. Nanga panopa ali kuti? Anamaliza ndi angati?"

Ahedi anatembenukira kwa Mayi Lembani. Iwo anaponya maso pa chithunzi cha mwana wawo.

Mwana wawo uja anabwezedwa ku yunivesite atalephera chaka choyamba. Anthu akafunsa, mayiwo ankati akupuma kaye, ndipo chithunzi chinakhalabe pamsomali wake. Tsopano ankagwira ntchito m'kashopu kofotokopa mapepala, pafupi ndi pokwerera mabasi. Chimene chinamugwetsa sanamufunsepo. Afunsirenji? Anali atagamula kale mumtima kuti ndi za anyamata basi.

Masana amenewo mtima unakana kukhazikika. Anayamba kuchonga ntchito za ana, anazisiya. Anathira tiyi, anamuiwala pawindo. Ataweruka anangopezeka akupita kukashopu kuja, nsapato zikugogoda msewu ngati akuthamangira moto. Mkatimo munali motentha, makina akulira, mwana wawo akusanja mapepala a kasitomala.

"Iwe, tandiuza lero. Kuja chinakugwetsa n'chiyani? Anali mnyamata eti?"

Mtsikanayo anaseka, koma kuseka kopanda chimwemwe. "Mnyamata wake uti, amayi? Kuja mphunzitsi amangolankhula n'kutuluka. Amati kawerengeni ku laibulale, mubwere ndi maganizo anu. Ine maganizo angawo ndikanawatenga kuti? Ndinkakhala kutsogolo, cholembera chili m'manja, kudikira kuti wina anene kuti lembani. Chaka chonse palibe ananena."

Mawuwo anawalasa. Anapsa mtima, poti munthu chikamuwawa amathamangira kukalipa. "Ndiye ukuti wolakwa ndine? Ine amene ndinakukhozetsa?"

"Sindinatero, amayi," anayankha mwanayo, n'kutembenukira ku makina ake. Pepala linalowa, linzake lofanana nalo linatuluka.

M'mawa mwake Mayi Lembani anafika kusukulu mlonda asanatsegule bwino geti. Anadutsa pazithunzi paja osacheuka. Atalowa m'kalasi la omaliza, amene mayeso anali atawayandikira, anapeza makope ali otsegula kale. Anaika choko patebulo. Anayenda mpaka kumbuyo, anabwerera, anayendanso.

"Lero sitilemba," anatero. Ana anayang'anana ngati aona malodza. "Tandiuzani, n'chifukwa chiyani munthu akathamanga amapuma wefuwefu? Za m'kope sindikuzifuna. Ndikufuna zanu, mmene mukuganizira inuyo."

Zii. Ngakhale anyamata a kumbuyo, aja olongolola ngati wailesi, anangoti kukamwa yasa. Mayiwo anadikira, thukuta likuyenderera m'khosi. Chonsecho mutu umenewu anawalembetsa mwezi watha, masamba anayi athunthu! Mumtima ankapempha kuti mmodzi yekha, ngakhale alakwitse, angoyankhula.

Kenako dzanja linakwera kutsogolo. Anali mtsikana wanzeru kuposa onse, yemwe mayiwo anali atamusungira kale malo pakhonde paja, pafupi ndi chithunzi cha mwana wawo. Mtima wawo unadumpha.

"Eya, nena mwanawe!"

Mtsikanayo anaimirira mwaulemu. "Madamu, tilembe kaye funsolo, kapena muyamba ndi yankho?"

Mayi Lembani anayang'ana kalasi lonse. Zolembera zinali zitadzutsidwa m'mwamba, maso onse ali pa iwo, kudikira. Mantha anawagwira. Atayang'ana pansi, anapeza dzanja lawo latola kale choko chija.