Kampando ka Malume ndi Liwu Lamitala

Nditasiyira koleji panjira, ndinkamasulira Chingerezi kwaulere kwathu ku Chitala. Tsiku lina mzungu woyeza malo olimapo thonje anaima m'munda mwa malume nati, "Move."

"Akuti chiyani, aphunzi?" malume anandifunsa.

Liwu limeneli ndi lamitala: linakwatira kusuntha, kusendera, kuyenda ndi kusamuka. Masiku amenewo munthu wa boma sankafunsidwa kawiri, choncho ndinasankha mkazi wofatsa.

"Akuti musendere."

Malume ananyamula kampando kawo nakaika pansi pa mango. "Apa pakwana?"

Mzungu anapukusa mutu nakwera galimoto. Kuyambira pamenepo tinkadzidzimuka tikamva injini iliyonse, malume akusendeza kampando m'mawa uliwonse kuti boma lione kuti timamvera. Kenako thirakitala inabwera kudzamasulira yokha, ndipo tinasamuka.