Liwu Limodzi la Firmino

Inu amene mwatopa ndi kuyambiranso, imvani za Firmino wa ku Mindelo. Khoma la nyumba yake ndi langa linali limodzi, choncho sindikunena zongomva.

Firmino anaimba kilarineti m'bandi ya m'tauni zaka makumi awiri. Tsiku lina chingwe cha sitima chinaduka padoko pomwe ankanyamula katundu, n'kumugulula mano anayi akutsogolo. Anamuika mano oikirira, koma chitoliro chimenechi chimafuna pakamwa pogwira zolimba. Atabwerera ku bandi, pakati pa nyimbo yoperekeza maliro, chake chinalira ngati mwanapiye wopondedwa. Ngakhale anamfedwa anaseka mobisa. Ine ndinamumvera chisoni kwambiri.

Mkulu wa bandi, bambo Teodoro, anamuitanira pambali.

"Mphwanga, sindikukuthamangitsa. Koma Juni akafika usanakonze, mpando wako ndipatsa wina."

Kunyumba Firmino anayamba kuthamangitsa zala pa nyimbo zake zakale zovina, ndipo zinkangoipiraipira. Mkazi wake Zulmira, yemwe ankakonola chimanga m'mawa uliwonse kuti aphike kachupa wogulitsa, chakudya cha chimanga ndi nyemba, anaimitsa munsi.

"Bambo, mukuthamangira kuti? Imbani liwu limodzi basi, mulikoke. Ine ndiziwerenga ndi munsiwu."

Firmino anauzira. Munsi utagunda kanayi, liwu linazima.

"Kanayi? Tambala wa a Lidia, oyandikana nafe aja, amakuposani," anatero Zulmira.

Kuyambira pamenepo, m'mawa uliwonse linali liwu limodzi: kuliyamba motsitsa, kulikweza pang'onopang'ono, kulitsitsanso osalola kuti linjenjemere. Akamaliza, amatenga lina. Milomo inkatupa. Anyamata opita kudoko ankakuwa podutsa, pofanizira liwulo ndi kulira kwa sitima: "Sitima ya a Firmino yafika! Lero yatitengera chiyani?" Ndivomere, nanenso ndinatsekapo zenera kangapo.

Mu Malichi anafika pa khumi ndi ziwiri. Mu Epulo anabwerera pa zisanu ndi zinayi, ndipo anatsekera chitolirocho m'bokosi mwake. M'mawa mwake Zulmira anakhala pansi, munsi uli pamiyendo.

"Ngati simuimba, inenso sindikonola. Tione amene ayambe kumva njala."

Firmino anaseka, n'kukatsegula bokosi lija.

Sabata yoyamba ya Juni kunagwa maliro a mphunzitsi wina wopuma pantchito. Bambo Teodoro anatumiza uthenga: "Bwera tikumve."

Njira ya kumanda ndi yaitali, ndipo tsikulo mphepo inkawomba kumaso. Nyimbo ya maliro ilibe pobisala, chifukwa imayenda pang'onopang'ono. Pa liwu lotsiriza, lomwe amalikoka mpaka bokosi la maliro litalowa pachipata, onyamula anachedwa pokhota. Anyamata a m'bandi a zala zaliwiro anayamba kutha mpweya mmodzimmodzi. Linatsala liwu la Firmino lokha, lowongoka, lofatsa, mpaka bokosi linalowa.

Mwambo utatha, bambo Teodoro anamugwira paphewa.

"Pamene unali ndi mano ako onse, liwu ili unalibe. Mpando ndi wako."

Zulmira, yemwe ankawerenga podzimenya pantchafu mwakachetechete nthawi yonse ya liwu lija, anangoti, "Makumi atatu ndi zisanu, bambo. Tambala uja mwamuposa."

Mwina nanunso lero muli pa kanayi, ndipo odutsa akukusekani. Musachite nazo manyazi. Mawa m'mawa tengani liwu lanu limodzilo, mulikoke mpaka kasanu. Osataya mtima.