Piki ya Bambo Filipe

Mayi Magret a ku Hopley amagulitsa tomato, koma chimene anthu amaunjikanira pa tebulo lawo si tomato ayi. Mayiwa anakulira pa famu ya fodya, mwana wa mtchona wa ku Dedza. Famuyo itatha, anthu ake anamwazikana m'tauni muno, ndipo ndi mayiwa okha amene ankadziwa kumene aliyense anagwera: womanga, wowotcherera zitsulo, wokumba zitsime. Munthu ankagula tomato mmodzi, mafunso khumi.

Anawatsegula maso ndi mwana wawo Rumbi, amene amagwira ntchito pa fakitale ku Southerton ndipo mayi ake amawatcha "mhamha" m'chinenero cha kuno.

"Mhamha, makampani a matakisi a pafoni aja alibe galimoto ndi imodzi yomwe. Amangokumanitsa woyendetsa ndi wokwera. Inu mukuchita zomwezo, koma ndi pakamwa."

Basi, Mayi Magret anatsegula gulu pa WhatsApp. Amisiri atachuluka, makasitomala anabwera, ndipo makasitomala atachuluka, amisiri ena anadzapempha kulowa. Mayi Magret analibe fosholo kapena njerwa. Katundu wawo anali mawu awo. Akangoti "uyu ndi wathu", geti linkatseguka.

Vuto linadza ndi Bambo Filipe, wokumba zitsime wokalamba. Zitsime ziwiri zimene anakumba zinakhota, china n'kugumuka, ndipo eni ake anatumiza zithunzi pagulu. Rumbi sanazengereze.

"Kumakampani kuja, amene anthu akumudandaula amachotsedwa. Foni silira misozi, mhamha."

Foni silira, inde, koma munthu amalira. Bambo Filipe ndi amene anakumba manda a mwamuna wa Mayi Magret ku famu kuja, pa nthaka youma gwa ya Okotobala. Munthu wotero umamufufuta bwanji ndi chala? Komanso mayiwa ankadziwa kuti nsomba ikaola imodzi, zonse zaola. Akapitiriza kuwatumiza, mawu awo atha mchere, ndipo amisiri ena onse atseredwa mageti. Masiku atatu anagulitsa tomato mtima uli m'malere.

Tsiku lachinayi anapita okha kwa mkuluyo. Anawapeza akunola piki yawo pakhonde.

"Ndamva zimene zalembedwa," anatero Bambo Filipe asanafunsidwe. "Msana watha, mayi, sindikana. Koma kafunseni ngati pali pamene ndinaloza madzi osapezeka."

Mayi Magret anafunsadi, nyumba ndi nyumba, ngakhale kwa odandaula aja. Madzi anali atapezeka ponseponse. Madzulo ake analemba pagulu kuti Bambo Filipe sadzakumbanso. Ntchito yawo ikhala kuloza pokumba, ndipo kukumbako akumbe ena.

Mkuluyo sanathokoze. "Mwandilanda piki, mayi," anatero, ndipo Lamulungu kutchalitchi anawadutsa osapereka moni. Zinawapweteka Mayi Magret, pakuti ankayesa kuti achita zabwino.

Patapita mlungu, banja lina linafuna chitsime. Bambo Filipe anabwera atavala jekete, n'kuzungulira bwalo pang'onopang'ono akuyang'ana udzu, kenaka anaima pafupi ndi mpanda. Antonio, wokumba watsopano, anakweza piki yake, koma Mayi Magret anamugwira mkono.

"Dikira. Pa manda a bambo a Rumbi anayamba ndi iwowa. Apanso ayambe ndi iwo."

Bambo Filipe anavula jekete lija, n'kulipereka kwa Mayi Magret kuti awagwirire.