Kiyi Wachiwiri wa Loko Wanga

Anzanga, Duván ndinamudziwa tsiku lomwe anapsereza fyuzi kachitatu mu wekishopu ya pakoleji yathu kuno ku Sogamoso. Tinali chaka choyamba pa maphunziro a zamagetsi ndi makina, atsikana atatu okha pakati pa anyamata makumi atatu.

Ndinasuzumira pa benchi yake, mawaya ali balalabalala.

"Iwe, ukufuna kulizitsa mota kapena kuotcha koleji?"

Anaseka. "Ndiye ndiphunzitseni, a injiniya aakulu."

Ndinamukonzera. Poweruka anandigulira arepa, chikondamoyo cha kuno choika tchizi, ndi khofi pageti, ndipo kuyambira pamenepo tinali awiriawiri. Ine ndinkamuthandiza masamu, iye ankandinyamulira bokosi la zipangizo. Ndinamukonda mnyamata ameneyu, sindingakunamizeni.

Chaka chachiwiri aphunzitsi athu a Ovidio anatipatsa aliyense loko wofiira wolembedwa dzina. Lamulo lake ndi losavuta: usanalowetse manja m'makina, zimitsa switchi yaikulu, uikhome ndi loko wako, kiyi m'thumba mwako. Palibe wina woyenera kutsegula loko ameneyo, ngakhale mphunzitsi. Loko amabwera ndi makiyi awiri, choncho wachiwiriyo aliyense ankayenera kumudula ndi sowo tsiku lomwelo. Wopezeka atapatsa mnzake kiyi, onse awiri amachotsedwa sukulu.

Ine ndinadula kiyi wakale wa kunyumba. Weniweniyo ndinam'patsa Duván, chifukwa anandinong'oneza kuti akufuna kumamuvala m'khosi, azikhala ndi kanthu kanga pafupi ndi mtima.

Eya, sekani. Nanenso ndimadziseka.

Kenako anafika mayeso a mu wekishopu. Wokhoza amapita kukaphunzira ntchito miyezi isanu ndi umodzi ku fakitale ya simenti, ndipo popanda zimenezo digiri palibe. Ine ndinali nditakonzeka kuposa aliyense m'kalasimo.

Ntchito yanga inali kusintha lamba wa makina onyamula katundu. Ndinazimitsa switchi, ndinakhoma loko, ndinamukokanso kuti nditsimikize. Kenako ndinagwada kuseri kwa makinawo, komwe munthu saoneka.

Benchi ya Duván inkatenga magetsi pa switchi yomweyo. Nthawi yake inali kutha, mota yake asanaiyese. Akuti anayang'ana, sanandione, n'kuganiza kuti ndapita panja. Anatsegula loko wanga ndi kiyi uja, n'kuyatsa switchi.

Ndinangomva makina akulira, lamba n'kukoka gulovu wanga... Mtsikana mnzanga Leidy ndiye anathamangira kukazimitsa. Dzanja linatuluka, koma chala chapakati chitathyoka pawiri.

Patapita masiku atatu a Ovidio anatiitana mu ofesi, ine dzanja lili m'chikhakha. Anafunsa Duván chomwe chinachitika.

"Aphunzitsi, loko ndinamupeza akungolendewera, osakhoma. Ndinaganiza kuti wamaliza."

Analankhula maso ali gwa, anzanga. Tcheni cha m'khosi chinalipo, koma chopanda kiyi.

A Ovidio anatembenukira kwa ine. "Yurany, iwe suiwalaiwala. Loko unakhoma kapena sunakhome?"

Ndikanati ndinakhoma, funso lotsatira linali la kiyi, ndipo tonse tikanalongedza katundu tsiku lomwelo. Ndinamuyang'ana Duván kuti mwina anenepo kanthu, ngakhale kungovomera kuti anayatsa osazungulira kukaona kuseri. Iye anali kuyang'ana kalendala.

"Mwina sindinakhome bwino," ndinatero.

Anandilepheretsa chifukwa chosasamala, kuti ndibwereze chaka. Duván anangodzudzulidwa, n'kuloledwa kulembanso sabata yotsatira. Anakhoza.

Anabwera kwathu Lamlungu ndi maluwa. Mayi anamupatsa chakudya, kumuthokoza kuti ndi mwana wabwino wosataya mnzake pamavuto. Ine mtima ukuwira. Mayi atatuluka ndinamufunsa chifukwa chomwe ananamira.

"Nanga ukanakonda tichotsedwe tonse? Bola mmodzi apite patsogolo. Ndikayamba ntchito ndidzakukoka."

"Dzanja langa, Duván. Likanatha kutsalira mmenemo."

"Sorry, ndanena kale. Komanso usandisenzetse zonse ine. Pakamwa unali napo mu ofesi muja, bwanji sunanene? Unkadziteteza nawenso."

Mawu amenewa ndi omwe amandipweteka mpaka lero, chifukwa theka lake ndi loona. Ndinamuuza kuti anyamule maluwa akewo, asadzapondenso pakhomo pathu. Anawanyamuladi.

Pano ali ku fakitale, amaponya zithunzi atavala chipewa choyera. Ine ndabwerera pa benchi yomwe ija, kumanga mawaya omwe ndimatha kuwamanga nditatsinzina, pamodzi ndi ana omwe chaka chatha ndinkawalozera kuchimbudzi. Chala chinapola chokhota. Pulayala ndimagwira movutikira, ndipo kukazizira chimabaya.

Koma chondipsetsa mtima kwenikweni chinachitika sabata yatha. A Ovidio ankagawa maloko kwa kalasi yatsopanoyi, n'kundiitana kutsogolo.

"Yurany, kweza dzanja aone. Uyu anali wanzeru kuposa nonsenu. Anaiwala kukhoma loko kamodzi kokha."

Maso makumi asanu ndi limodzi pa chala changa. Ena akugwedeza mutu, wina kumbuyo akunong'ona kuti atsikana ndi choncho, ntchito imeneyi si yawo.

Ndinaima pompo dzanja lili m'mwamba, misozi ndikuimeza. Sindinaiwalepo kukhoma loko ine, ngakhale tsiku limodzi! Cholakwa changa chinali kukhulupirira kuti munthu wondikonda sangayatse makina asanaone komwe kuli manja anga.

Anzanga, kondani, sindikukuletsani. Koma chinthu chomwe chimateteza moyo wanu chizikhala m'thumba mwanu. Ine ndinachipereka, ndipo amene akuimikidwa kutsogolo kwa kalasi ngati chitsanzo cha kupusa ndine.