Apongozi Anga ndi Thebulo la Mafoni Pageti la Ndende

Apongozi anga anayamba ntchito pa msinkhu umene anzawo amakhala atayamba kudandaula za mawondo. Ntchito yake ndi yosunga mafoni pageti la ndende. Wokaona m'bale wake saloledwa kulowa ndi foni, ndiye amaisiya kwa iwo. Ali ndi kathebulo kotsimphina kamene amachirikiza ndi njerwa, ambulera yosuluka ndi chidebe chachivindikiro. Foni iliyonse amaiika m'sokosi yakale yokhala ndi nambala, mwini wake n'kumupatsa kachitsekero ka botolo kolembedwa nambala yomweyo. Dzina safunsa.

Mwana wawo, amene ndi mwamuna wanga, ali m'kati mwa mpandawo. Ndi mphunzitsi wa masamu. Anajambula mashelefu a kachipatala ka kwathu opanda ndi botolo limodzi lomwe la mankhwala, n'kulemba pa intaneti kuti akuluakulu ayankhe. Mizere inayi basi. Patapita masiku atatu anadzamutenga kusukulu choko chili m'manja, ndipo khoti linamupatsa zaka zitatu pa mlandu wonyoza boma.

Kunena zoona, ine ndi apongozi sitinkamwerana madzi. Iwo ankati ndimathira mchere ngati ndikukwiyira poto, ine ndinkati pakamwa pawo sipapuma ngakhale Lamlungu. Chinatigwirizanitsa ndi mzere wa pageti paja. Tsiku loyamba tinaona mayi wina wochokera kutali akulira chifukwa analibe pomwe angasiye foni, nthawi ikutha. Apongozi anamulandira foniyo n'kuiika m'chikwama chawo. Sabata yotsatira anabwera ndi kathebulo. Amati ali pamenepo amaona denga la chipinda cha mwana wawo, ndipo zimenezo zimawakwanira kuti agwire tsiku.

Akaidi a milandu ya pafoni amasungidwa paokha. Timawaona Loweruka lokha, mphindi khumi, pakati pali waya. Chakudya chimene tabweretsa amachitosatosa ndi kamtengo kufunafuna makalata. Mwamuna wanga anamulanda magalasi tsiku lolowa, ndiye amatizindikira ndi mawu. M'chipinda chawo amagona chokhala, wina pakati pa miyendo ya mnzake, mpaka mapazi kutupa. Koma munthu uja ndi wosamva. Anayamba kuphunzitsa anzake masamu polemba pansi ndi kachidutswa ka sopo, ndipo Loweruka lililonse ankawononga theka la mphindi zathu kudandaula za wophunzira wina wamutu wouma.

Moyo wa pathebulo unali wabwino ndithu. Apongozi ankadziwa amene wabwera osadya, amene akuopa kulowa, amene akalira akatuluka. Foni ikalira m'chidebe ankaikalipira kuti, "Khala chete iwe, mwini wako ali kwa mlamu wake!" Ngakhale asilikali a pageti ankabwera kudzabisala dzuwa pansi pa ambulera yawo.

Tsiku lina Loweruka, ine ndili pomwepo kuwathandiza kumanga manambala, panafika bambo wina wovala nsapato zonyezimira. Sanali wa yunifolomu. Anapereka moni waulemu, n'kukhala pabenchi ngati mlendo woitanidwa.

"Amayi, ndamva kuti mwana wanu akutupa miyendo," anatero bamboyo.

"Mwamva bwino, bambo."

"Kuli chipinda cha odwala. Muli bedi, muli zenera. Magalasi akenso akhoza kupezeka. Ine ndikungofuna kanthu kakang'ono. Abale a anyamata a milandu ya pafoni akalowa, muzindipatsa mafoni awo kwa mphindi zochepa. Ndizibweza asanatuluke. Palibe angadziwe."

Sindinama, ndinaona bedi lija m'maso mwanga, ndipo ndinafuna kuti apongozi avomere. Iwo anangopitiriza kupinda sokosi.

"Bambo, m'chidebe muno muli masokosi ndi manambala. Ya uje ndi iti, ine sindidziwa."

"Nkhope zawo mumazidziwa."

"Ndimazidziwa, n'chifukwa chake sindingathe. Amandisiyira foni akundiyang'ana m'maso."

Bamboyo anaimirira n'kusasa fumbi pathalauza. "Ganizani bwino, amayi. Kuona mkaidi si ufulu, ndi chisomo."

Loweruka lotsatira maina athu awiri anali atafufutidwa pa pepala la ololedwa kulowa. Msilikali amene anatiuza ankayang'ana pansi. Ine ndinapsa mtima, ndipo ndinawalankhula apongozi mawu amene mpongozi sayenera kulankhula. Ndinati anthu amenewa si abale athu, pamene wotupa miyendoyo ndi mwana wobala okha. Iwo sanandibwezere. Anangoti, "Apongozi, chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe. Anzathuwa akamangidwa chifukwa cha chidebe changa, ine ndidzakhala pati?" Kenako anatambasula ambulera n'kuyamba ntchito.

Nkhani pageti siichedwa. Sindikudziwa anaulula ndani, mwina msilikali yemwe uja, koma pofika masana mzere wonse unali utadziwa. Mayi wina amene mchimwene wake amagona chipinda chimodzi ndi mwamuna wanga anafunsa polandira kachitsekero kake, "Agogo, ndikanene chiyani m'katimo?" Apongozi anati akauze mchimwene wakeyo kuti mwana wawo aziimika miyendo kukhoma. Potuluka mayiyo anabweretsa yankho, kuti miyendo akuimika ndipo wophunzira wamutu wouma uja wayamba kukhoza masamu ogawa.

Zinakhala choncho miyezi inayi. Aliyense ankadula mphindi imodzi pa mphindi zake khumi kutifunsira za munthu wathu. Wina ankabwera ndi nkhani ya chifuwa, wina ya tsitsi limene anamumeta moipa, wina ankangoti wamumva akuseka. Nkhani zina zinkatsutsana, ndipo apongozi ankasankha yabwino n'kutaya inayo. Ine ndinkalowetsa chakudya kudzera mwa mkazi wa kalipentala wina wa m'chipinda chomwecho, amene ankanama kuti mwamuna wake ndi wadyera. Sindinganene kuti sitinavutike, koma sindinakhalepo pakati pa anthu ondikonda chotero. Madzulo tinkanyamula kathebulo tonse awiri, wina kutsogolo wina kumbuyo, tikukangana za mchere.

Bambo wa nsapato uja anabweranso kamodzi, n'kupeza amayi asanu ndi atatu atakhala mozungulira chidebe. Anafunsa nthawi, n'kumapita.

Kenako mkulu wa ndende anasinthidwa, ndipo watsopanoyo analembetsa mapepala onse mwatsopano. Maina athu anabwerera popanda wotiuza chifukwa. Apongozi anavala diresi lawo la kutchalitchi, thebulo n'kusiyira mkazi wa kalipentala, atamubwerezera malangizo katatu ngati akumusiyira khanda.

Mwamuna wanga anatulukira kuseri kwa waya atawonda, akuyenda pang'onopang'ono, akutsinzinira kuti ationetsetse. Apongozi ndiwo anayamba kulankhula.

"Taonani khosi ngati la nkhuku yodwala! Chakudya chonse chija unkapatsa ndani?"

"Amayi, tilipo ambiri m'chipindamo," anayankha akuseka. Kenako anatsitsa mawu. "Ndinamva za bedi lija. Amene ndimatsamira pamsana pake pogona, foni ya mkazi wake imakhala m'chidebe chanu. Ali ndi ana atatu. Mukanapereka, sindikudziwa ndikanagona bwanji pabedipo."

Apongozi analowetsa zala ziwiri pa waya, iye n'kuzigwira.

"Usanditame, mwana wanga," anatero. "Tsiku lililonse la miyezi inayi imeneyi ndinkadzuka nditavomera. Ndinkakana ndikafika pathebulo."

Msilikali anayang'ana wotchi yake, kenako anatembenukira kukhoma n'kutisiya pang'ono.